Mukufuna Traoré wathuwathu? Yambani mwafunsa agogo za ayufi

Mukakhala pabenchi kudikira kumetedwa pa Kamba, kapena mukaima pamzere wa mafuta limodzi ndi anyamata a kabaza, sipatenga nthawi wina asanatulutse foni. Pasikirini pamaoneka mnyamata wa yunifomu ya chisilikali, chisoti chofiira, mfuti m'chiuno. Ameneyo ndi Captain Ibrahim Traoré wa ku Burkina Faso. Mutu wa nkhani umasintha pomwepo, ndipo onse amathera pamfundo imodzi: kuno kukufunika wotere, andale atikwana, asilikali angotenga boma basi.

Mawuwa sindikuwaseka ayi. Mnyamata amene adakhoza bwino MSCE zaka zisanu zapitazo koma mpaka lero akudyabe mbale ya mayi ake ku Zingwangwa, mtsikana amene mpamba wake wa kaunjika udasungunuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, onsewa ali ndi chifukwa chokwiyira. Adavota, adavina pamisonkhano, ena adapumako utsi wokhetsa misozi kuti zinthu zisinthe, koma zomwe zimasintha ndi nkhope zokha, katangale ali pompo. Munthu wotere akaona mtsogoleri wa zaka za m'ma 30 akuthamangitsa asilikali a France ndi kutsegula fakitale ya matimati, mtima umadumpha. Ndani sangasirire?

Komanso tisabise, Amalawi timawakonda asilikali athu. Anthu a ku Soche, Manja ndi Chilobwe sadzaiwala March 2023, pomwe namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkukwirira nyumba ndi anthu omwe. Pakati pa omwe adalowa m'matopemo kukumba ndi kunyamula mitembo limodzi ndi achibale padali asilikali. Mu 2019, pazionetsero zokana zotsatira za chisankho cha Tipp-Ex chija, anthu ankati akaona galimoto ya apolisi nkutola miyala, akaona ya asilikali nkuyamba kuwomba m'manja.

Chilandirire ufulu mu 1964, Malawi sadalamulidwepo ndi boma la asilikali. Nchifukwa chake nkhaniyi imatsekemera chonchi. Nsima yomwe sunaidyepo siikhala ndi mibulu. Koma dziko lino lidakhalapo zaka 30 pansi pa ulamuliro womwe munthu wa yunifomu, wa mfuti kapena wa chibonga, adalibe womufunsa. Chomwe chimaopsa pa boma la asilikali ndi chimenechi, ndipo ife tidachilawa kale ngakhale wolamulayo adali dokotala wa suti ndi litchowa.

Kadi ili kuti?

Ambiri mwa inu mudabadwa 1994 itadutsa. Madzulo ano ikani kaye foni pansi, mufunse agogo kapena azakhali kuti ayufi adali ndani. Muona nkhope ikusintha.

Ayufi adali achinyamata a Youth League ya chipani cha Malawi Congress Party, a malaya ofiira aja. Ankaima pachipata cha msika, pokwerera basi, ngakhale pachipatala, kufunsa kadi ya chipani. Ulibe kadi, msika sulowa, basi sukwera, ndipo makofi ukhoza kulandirapo. Amayi ambiri amakumbukirabe kuuzidwa kuti agulire kadi mwana wakumsana, ena mpaka wam'mimba. Ukamenyedwa pachipatapo, kunalibe koti ukadandaule, poti kudandaula komweko kudali kusamvera, ndipo kumvera idali imodzi mwa ngodya zinayi za chipani, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo.

Pamwamba pa ayufi padali apayoniya, a Malawi Young Pioneers, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1963 mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel. Tinene zoona, apayoniya adaphunzitsa achinyamata ambiri ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga, ndipo alipo madala lero amene amadya luso lomwe adalitenga kumabesi awo. Koma gulu lomweli lidalinso ndi mfuti, akazitape akeake, ndipo mkulu wake weniweni adali Kamuzu Banda mwini. Lamulo lidawatchinjiriza moti wapolisi sankangomanga mpayoniya chimangemange asadapemphe kwa akuluakulu ake. Taganizani: munthu ali ndi mfuti, ndi wachipani, ndipo ngakhale wapolisi akumuopa. Iwe wamba ndiwe ndani?

A Mboni za Yehova ndiwo adaiona nkhwangwa yeniyeni. Mlandu wawo udali kukana kugula kadi. Mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 adathamangitsidwa m'midzi ndi pantchito, nyumba kuotchedwa, amayi kugwiriridwa, ena kuphedwa. Zikwizikwi zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Ena ambiri adakatsekeredwa ku Dzaleka, komwe lero timangokudziwa ngati kampu ya anthu othawa kwawo. Omwe ankachita izi sadali alendo ochokera kunja. Adali ana a m'mudzi momwemo, a mpingo woyandikana nawo, ongopatsidwa malaya ofiira ndi chitsimikizo choti palibe adzawafunse.

Kenaka padali apolisi a Special Branch, omwe ankabwera usiku. Malamulo a chitetezo cha dziko ankalola boma kutsekera munthu popanda mlandu, popanda khoti, popanda tsiku lotuluka. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe adali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adatengedwa ku Zomba mu September 1987 nkukatayidwa ku Mikuyu. Adatuluka mu May 1991 osauzidwa ndi khoti lililonse chomwe adalakwa. Machipisa Munthali adakhala m'ndende zaka 27. Wina wa inu amene akuwerenga nkhani ino zaka zimenezo sadazikwanitse nkomwe chibadwire.

Zidachitikira pa Soche pompano

Nkhanizi zimamveka ngati za kutali, koma imodzi mwa zikuluzikulu idachitikira m'dera lathu lomwe lino. Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa MCP yemwenso adakhalapo nduna ya zachilungamo, adathawa m'dziko muno atasemphana ndi Kamuzu mu 1964. Cha pa Khrisimasi ya 1981, iye ndi mkazi wake Vera adagwidwa kumalire a Zambia, iwo nkumanena mpaka kumapeto kuti adachita kubedwa kuchokera mbali ya Zambia. Mlandu wawo woukira boma sudapite ku High Court. Udazengedwa kubwalo la mafumu la chigawo cha kummwera, pa Soche.

Mabwalo amenewa Kamuzu adawapatsa mphamvu zoweruza ngakhale milandu ya kupha ndi kuukira boma, koma woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton ndi Vera, onse awiri maloya ophunzira ku London, adadziimira okha pamaso pa mafumu osankhidwa ndi munthu yemweyo amene ankati amuukira. Mu May 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe. Maiko akunja atachita phokoso, chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Vera adatuluka mu January 1993, patatha zaka zoposa 11.

Mwezi womwewo wa May 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Boma lidalengeza kuti afa pangozi ya galimoto ku Mwanza akuthawa m'dziko. Maliro awo anthu adaopa kupitako. Padatenga zaka 11 kuti bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Harry Mtegha linene poyera zomwe anthu ankangonong'onezana: anayiwa adaphedwa ndi apolisi ku Thambani, pochita kuwakhoma m'mitu, kenaka nkuwaika m'galimoto ndi kuikankhira kuphompho. Kamuzu, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu mu 1995 ndipo khoti lidawapeza osalakwa.

Apa pali phunziro lomwe okonda ulamuliro wa chitsulo saliganizira. Matenje adali mlembi wamkulu wa chipani cholamula. Sadali wotsutsa, sadali wa Mboni, kadi adali nayo. Albert Muwalo, yemwe adatsekeretsa anthu ambiri ali pampando womwewo, naye adanyongedwa mu 1977, ndipo mnzake Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, adakalowa ndende zomwe ankatumizako anzake. Makina opanda buleki sasankha kuti uyu ankatiombera m'manja. Amene lero akuti asilikali akabwera adzathana ndi mbava zokhazokha, adziwa bwanji kuti pamndandanda wa mbavazo dzina lake silidzalembedwa ndi neba amene adakangana naye za malire a puloti?

Ndirande nayo ili ndi mabala ake. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo pa 6 April Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kumayambiriro a May, ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Sitalakayo idafalikira mumzinda monse, anthu a m'makomboni adalowerera, masitolo a PTC adaswedwa. Yankho la boma lidali zipolopolo. M'masiku awiri kapena atatu okha, anthu pafupifupi 40 adaphedwa, ambiri mwa iwo mu Blantyre muno. Alipo mabanja ku Ndirande amene mwana wawo adangotuluka kukaona zomwe zikuchitika kumsewu, osabwereranso.

Chomwe asilikali athu adachita, ndi chomwe sadachite

Tsono apa mpomwe chikondi chathu pa asilikali chidayambira. Kumayambiriro a December 1993, patatha pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi Amalawi atasankha matipate pa riferendamu ya pa 14 June, apayoniya adaombera ndi kupha asilikali ku Mzuzu kutsatira mkangano wa kumowa. Pa 3 December asilikali adatuluka m'mabaraki nkuthira nkhondo likulu la apayoniya ku Lilongwe ndi mabesi awo m'dziko lonse. Iyi ndiyo Operation Bwezani. Apayoniya pafupifupi 2,000 adathawira ku Mozambique. Anthu adavina m'misewu.

Taonani mmene zinthu zidalili sabata imeneyo. Kamuzu adali asadachire bwino atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg. Dziko linkayendetsedwa ndi komiti ya anthu atatu yotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. Gulu lokhalo la mfuti lomwe likadalimbana ndi asilikali lidali litabalalika. Anthu adali mbali yawo. Kukadakhala kwina, msilikali akadalankhula pa MBC madzulo omwewo. Athu adalanda zida nkubwerera kubaraki, ndipo pa 17 May 1994 Amalawi adakavota.

Zidabwerezanso mu April 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi. Bungwe lomwe lidafufuza za imfayo lidapeza kuti ena mwa akuluakulu a boma adakambapo zoti asilikali atenge ulamuliro pofuna kutsekereza Joyce Banda. General Henry Odillo adakana, nati atsata malamulo oyendetsera dziko. Mu 2019 General Vincent Nundwe adateteza ochita zionetsero mmalo mowabalalitsa, ndipo mu March 2020 adachotsedwa paudindo. Majaji asanu omwe adafafaniza chisankho pa 3 February 2020 ankaperekezedwa kukhoti ndi asilikali.

Ndiye mukaona bwino, mbiri yabwino ya asilikali a Malawi yagona pa chinthu chimodzi: nthawi zonse mpando utawayandikira, adaukana. Amene akuwapempha kuti atenge boma akuwapempha kuti ataye chomwe timawakondera.

Zomwe mavidiyo aja sakuonetsani

Tibwerere kwa Captain wathu uja. Poyamba dziwani kuti mavidiyo ena omwe mukutumizirana pa WhatsApp ndi TikTok ndi opanga pakompyuta. Aja oonetsa Beyoncé kapena R. Kelly akuimba nyimbo zomutamanda, ngakhale ija ya Papa Leo akumuyankha, ndi abodza, a AI. Koma nkhani yaikulu si zomwe zaonjezeredwa, ndi zomwe zachotsedwa.

Pa 25 February 2024, m'midzi iwiri ya Nondin ndi Soro kumpoto kwa Burkina Faso, anthu osachepera 223 adaphedwa tsiku limodzi, 56 mwa iwo ana. Bungwe la Human Rights Watch, litalankhula ndi opulumuka, lidati omwe adachita izi ndi asilikali a boma, poganizira anthu a m'midziyo kuti amathandiza zigawenga. Boma lidakana lipotilo. Koma mmalo motsegula njira kuti atolankhani akadzionere okha, lidaimitsa mawayilesi a BBC ndi Voice of America kwa masabata awiri chifukwa choulutsa nkhaniyo, nkutsekanso masamba a pa intaneti a nyuzipepala zingapo zakunja.

Zigawenga ku Burkina Faso ziliko ndithu, ndipo zapha anthu ambiri, asilikali ndi anthu wamba omwe. Palibe akukana. Koma mu April 2023 boma la Traoré lidakhazikitsa lamulo lolola kutenga munthu aliyense wamkulu kupita naye kunkhondo, ndipo lamuloli lasanduka chikwapu cha odzudzula. Daouda Diallo, womenyera ufulu wa anthu wodziwika, adabedwa mumzinda wa Ouagadougou mu December 2023, kenaka nkuoneka pachithunzi atavekedwa yunifomu. Ablassé Ouédraogo, nduna yakale ya zakunja ya zaka 70, naye zidamuonekera zomwezo. Mu 2024 adatengedwa ndi majaji ndi oimira boma pamilandu omwe. Mu March 2025 atolankhani atatu, kuphatikizapo mtsogoleri wa bungwe la atolankhani m'dzikolo, Guezouma Sanogo, adasowa atadandaula za kuponderezedwa kwa ufulu wolankhula, ndipo patapita masiku adaoneka pavidiyo ali mu yunifomu ya chisilikali. Chisankho chomwe chidalonjezedwa kuti chichitika pofika July 2024 chidakankhidwa ndi zaka zina zisanu.

Aise, iwe amene umatukwana pulezidenti pa Facebook ndi dzina lako lenileni ndi chithunzi chako, kumeneko ukadakhala uli kutsogolo kwa nkhondo pano.

Ku Mali, komwe Assimi Goïta adalanda boma, ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idapeza kuti m'masiku asanu a kumapeto kwa March 2022, asilikali a boma ndi ankhondo achilendo adapha anthu osachepera 500 m'tauni ya Moura, ndipo amayi ndi atsikana 58 adagwiriridwa. Lipotilo lidatuluka mu May 2023. Mwezi wotsatira boma lidauza asilikali osungitsa mtendere a UN kuti achoke m'dzikomo, ndipo mu May 2025 lidathetsa zipani zonse za ndale. Ku Guinea, asilikali a Captain Moussa Dadis Camara adapha anthu oposa 150 pabwalo la masewero ku Conakry pa 28 September 2009, amayi oposa 100 nkugwiriridwa. Achibale adadikira zaka 15 kuti khoti limupeze wolakwa mu July 2024 ndi kumupatsa zaka 20. Chaka chisadathe, mu March 2025, msilikali mnzake amene adalanda boma mu 2021, Mamady Doumbouya, adamukhululukira.

Ngati West Africa ili kutali, funsani achibale anu a ku Harare. Mu November 2017 akasinja atalowa mumzindawo, anthu adajambulitsa maselfi ndi asilikali, kuwakumbatira, kuwathokoza pochotsa Robert Mugabe. Boma lomwe lidabwera lidali la anthu wamba papepala, koma mkulu wa asilikali Constantino Chiwenga adasanduka wachiwiri kwa pulezidenti. Pa 1 August 2018, m'misewu yomweyo ya maselfi, anthu asanu ndi mmodzi adaomberedwa pazionetsero za chisankho, ndipo bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Kgalema Motlanthe lidaloza chala asilikali ndi apolisi. Mu January 2019 anthu atadandaula za kukwera kwa mafuta, intaneti idatsekedwa ndipo enanso oposa khumi adaphedwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nanga demokalase yathuyi siipha?

Ndikudziwa chomwe wina akunena pofika pano: akulu, mukuyankhula ngati kuno apolisi ndi angelo. Ayi ndithu, ndipo mndandanda wake ndi wowawa.

Evison Matafale adafera m'manja mwa apolisi pa 27 November 2001, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Bungwe lofufuza lidati chidamupha ndi chibayo, koma ku Chileka ndi ochepa adakhulupirira. Pa 19 July 2011 achinyamata onyamula zikwanje adazungulira mu Blantyre pamagalimoto a chipani cholamula cha DPP masanasana, apolisi osawagwira. Mawa lake ndi mkuja, anthu 20 adaphedwa pazionetsero, ambiri ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, Karonga ndi Blantyre. Pa 24 September chaka chomwecho, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, pomwe pano tikuti MUBAS, adapezeka atafa pasukulupo. Apolisi adathamangira kunena kuti wadzipha, mpaka kuonetsa makalata. Dokotala woyeza mitembo Charles Dzamalala adapeza kuti adachita kumenyedwa, ndipo bungwe lotsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda lidatsimikiza mu 2012 kuti adaphedwa. Zaka zoposa khumi zidadutsa mlandu uli chigonere.

Mu October 2019, wapolisi Usumani Imedi ataphedwa ndi anthu olusa kwa Msundwe, apolisi anzake adakabwezera pa amayi ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu powagwiririra. Ndipo mu June 2025, mu ulamuliro wa MCP, Sylvester Namiwa adakhapidwa ndi anthu a zikwanje pazionetsero ku Lilongwe, apolisi ndi asilikali ali chiimire pomwepo. Inde, asilikali omwe timawatamawa. Chipani chilichonse chomwe chalamula dziko lino chakhala ndi ayufi akeake, kungosintha mtundu wa malaya. Ngakhale kumangidwa chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi Facebook kwachitika kuno, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la za pa intaneti.

Ndiye kusiyana kuli pati? Ndi kochepa kuposa mmene tikadafunira, koma kulipo, ndipo kumaoneka pa zomwe zimachitika nkhanza zikachitika. Za Thambani zidabisika zaka 11. Za Chasowa zidatsutsidwa ndi dokotala wa m'dziko momwemuno patangotha masiku, nyuzipepala nkulemba, iye osabedwa usiku. Za kwa Msundwe zidafufuzidwa ndi bungwe la boma lomwe, Malawi Human Rights Commission, maloya achizimayi a Women Lawyers Association adazitengera kukhoti, ndipo mu August 2020 Justice Kenyatta Nyirenda adalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi komanso apolisi okhudzidwawo amangidwe. Ndalamazo zidachokera m'misonkho yathu osati m'matumba a olakwawo, ndipo mbali yomanga ija idakoka miyendo mochititsa manyazi. Komabe jaji adagamula motsutsa apolisi, nkukagona kunyumba kwake, mawa nkubweranso kuntchito. Anzake a ku Ouagadougou adavekedwa yunifomu.

Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 19, amaletsa kuzunza munthu mwa njira iliyonse, ndipo gawo 45 limati ngakhale dziko litakhala pangozi yotani, ufulu umenewu sungaimitsidwe. Gawo 42 limati ukamangidwa uuzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe umamva, uli ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya, ndipo ukaonekere kukhoti pasadathe maola 48. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa Independent Complaints Commission, ofesi yolandira madandaulo okhudza apolisi, ngakhale padatenga zaka khumi kuti boma liitsegule. Aliyense amene adagonapo m'chitokosi Lachisanu nkutuluka Lachitatu atapereka kenakake akudziwa kuti zolembedwa ndi zochitika zimasiyana. Koma zolembedwazo ndizo loya wa Legal Aid Bureau amaimirira nazo pamaso pa majisitireti.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha munthu wamba wa mumzinda uno, wogulitsa majumbo. Tsiku lina mu March 2015 adalawirira cha m'ma 3 koloko mbandakucha kupita ku Limbe kukachita malonda ake. Apolisi adamugwira panjira, nkumutsekera masiku angapo pamlandu wa vakabu. Achinyamata a m'makomboni mukuidziwa vakabu: kugwidwa chifukwa choti ukuyenda usiku wapansi ndipo ukuoneka wosauka, pomwe wa galimoto akudutsa osaimitsidwa. Lamulolo lidachokera ku England, m'malamulo a 1824, ndipo atsamunda adatisiyira. Ambiri ankangovomera mlandu, kulipira faindi nkumapita. Uyu adakana. Mothandizidwa ndi mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre, nkhani yake idafika ku High Court pa Chichiri, mtunda woyenda wapansi kuchokera pomwe a Chirwa adaweruzidwira popanda loya. Pa 10 January 2017 majaji atatu adagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo lidafa pomwepo. Wogulitsa majumbo adagonjetsa boma ndi apolisi ake.

Chida chake chidali buku lomwelo la malamulo oyendetsera dziko. Usiku wa pa 30 September 2022, asilikali a Traoré ataonekera pa TV ya boma ku Ouagadougou kulengeza kuti atenga ulamuliro, adati boma lathetsedwa, malamulo oyendetsera dziko aimitsidwa, malire atsekedwa, zochitika za ndale ndi za mabungwe zaletsedwa, ndipo pasapezeke munthu woyenda panja kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Mnzathu wa majumbo uja adanyamuka 3 koloko.